Mwana Wotsekeredwa Mumpanda Adzalankhula Chiyani?

Pali chizolowezi chimene chafala m'mabanja a mumzinda wa Blantyre, ndipo ine ndikuchitsutsa poyera. Ku Namiwawa, ku Nyambadwe, ngakhale ku Chilomoni ndi ku Bangwe komwe, mwana wa zaka ziwiri akungobindikira m'nyumba tsiku lonse, chipata chili chokhoma, foni ili m'manja kuti asavute. Makolo akuti akumuteteza. Koma kodi mwana wotereyu adzalankhula chiyani, nanga adzaphunzira kwa yani?

Mawu samera okha m'mutu mwa mwana ngati bowa pachulu. Mwana amaloza chinthu, wamkulu n'kuchitchula dzina. Mwana amayesa kubwereza, wamkulu n'kumuyankha. Kulankhula kumabadwa pa kupatsana mawu kotereku. Foni imalankhula, inde, koma siona chimene mwana akuloza, ndipo sidikira yankho lake. Mpake kuti m'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, ndipo kuti ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 azisewera ndi kuyendayenda kwa mphindi zosachepera 180 tsiku lililonse.

Nanga n'chifukwa ninji tikuumirira za panja? M'chipinda zinthu n'zomwezo dzulo ndi lero: mpando, tebulo, khoma. Panja palibe tsiku lofanana ndi linzake. Mvula yoyamba itulutsa ngumbi, pumbwa atera mumpoza, dothi lonyowa linanda m'manja. Mwana woumba ng'ombe zadongo aphunzira kukanya, kufinya ndi kuphwanya. Pa masanje ana agawana maudindo, akangana, apepesana, ndipo zonsezi zifuna mawu. Ndani angamve kukoma kwa mawu akuti "chubwi" asanaponyepo mwala m'madzi?

Sukulu zamkaka nazo zili ndi mlandu. Pamene Friedrich Froebel wa ku Germany adatcha sukulu yake kindergarten m'chaka cha 1840, ankatanthauza munda wa ana, ndipo anawo ankalimadi timinda tawo. Ife tatenga dzina, munda tausiya. Zambiri mwa sukulu zathu ndi zipinda za simenti, mopanda ngakhale mthunzi wa mtengo, m'mene tiana ta zaka 3 tikuwa zilembo zachingerezi mpaka masana. Makolo akamva zimenezi amanyadira, osadziwa kuti kuloweza si kulankhula. Chinkhwe nachonso chimabwereza mawu, koma sichifunsa funso. Chingerezi si mdani wathu ayi, koma chimamera bwino mwa mwana amene wayamba wazolowera kufunsa, kufotokoza ndi kutsutsa m'chinenero cha amayi ake.

Ena adzati: "Bambo, kodi simuona magalimoto a ku Limbe? Simumva fungo la mtsinje wa Mudi?" Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo palibe akunena kuti khanda lizingoyenda lokha m'misewu. Koma mankhwala a ngozi ndi kumuperekeza mwana, osati kumutsekera. Bwalo la Njamba lilipo, phiri la Michiru lilipo. Amene alibe ndalama ya minibasi ali ndi mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kapena chitini cha dothi chodzalamo nyemba pakhonde. Chosowa si malo okha. Chosowa ndi wamkulu wofuna kugwada pafupi ndi mwana n'kumuyankha.

Komabe za malowo tisakhale chete. Phiri la Ndirande tidalimeta mpala, ndipo m'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Pali chinanso chimene chikutayika mwakachetechete: mtengo ukatha, dzina lake limafanso pakamwa pa ana. Mwana amene sadaonepo msuku, m'bawa kapena mkuyu adzautchula bwanji?

Tsono inu makolo, musanalipire fizi pa sukulu yamkaka, funsani kuti ana amatuluka panja nthawi yanji. Madzulo ano chotsani foni m'manja mwa mwanayo, mumugwire dzanja, mutuluke naye. Akaloza chiwala, chitchuleni dzina. Akafunsanso kachisanu, muyankheni kachisanu, pakuti m'mera mpoyamba.