Kavinidwe ka Michael Jackson Kanali ndi Eni Ake

Achinyamata anzanga, mukafunsa aliyense kuti anayambitsa "moonwalk" ndani, yankho limabwera msanga: Michael Jackson. Yankho limeneli n'lolakwa, ndipo ndikuona kuti kulakwaku sikochepa ayi.

Pa 25 March 1983, mu holo ya Pasadena Civic Auditorium ku California, pamwambo wokumbukira kuti kampani ya Motown yatha zaka 25, Jackson anaimba "Billie Jean". Nyimbo ili m'kati, anatsetsereka chammbuyo pomwe miyendo yake inkaoneka ngati ikupita kutsogolo. Zinatenga masekondi ochepa chabe. Mwambowu utaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC pa 16 May chaka chomwecho, dziko lonse linazizwa.

Komatu kavinidweka kanali kale m'misewu. Anyamata achikuda a ku California ankakatcha "backslide". Chinsinsi chake n'chakuti phazi limodzi limaima pa zala, chidendene chili m'mwamba, ndipo ndilo limasenza thupi lonse. Linalo, lomwe limaoneka ngati laponda zolimba, ndilo lopepuka, n'chifukwa chake limatsetsereka. Kenaka mapazi amasinthana. Diso la woonerera limanyengeka poganiza kuti kulemera kuli kumene kulibe. Bill Bailey anali atachita zofanana ndi zimenezi mu kanema wa mu 1955. Geron "Casper" Candidate ndi Cooley Jaxson anakavina pa pulogalamu ya Soul Train mu 1979, ndipo Jeffrey Daniel wa gulu la Shalamar anakaonetsa ku Britain pa Top of the Pops mu 1982, kutatsala chaka kuti Jackson akwere nsanja ya ku Pasadena.

Si "moonwalk" yokha. Kuumitsa ndi kumasula minofu mwadzidzidzi, kumene amati "popping", kunatchuka ndi Boogaloo Sam wa ku Fresno ndi gulu lake la Electric Boogaloos m'zaka za m'ma 1970. Kuima chiriri pakati pa gule ngati wina wakukhoma loko, "locking", kunachokera kwa Don Campbell wa ku Los Angeles. Ngakhale kuvina ngati loboti kumene Jackson anachita ali mnyamata pa nyimbo ya "Dancing Machine" mu 1973, anakuonera kwa ovina a pa Soul Train.

Kodi ndiye kuti anaba? Ine sindikutero. Gule amaphunziridwa poonera, monga mwana amaphunzirira pabwalo poyang'ana akuluakulu. Ndiponso Jackson anaikapo zake: anasakaniza za mumsewu ndi kuthamanga kwa mapazi kwa James Brown komanso ukhondo wa kavinidwe ka Fred Astaire, n'kutulutsa chinthu chimene panalibe wina akanachitulutsa. Ena mwa ovinawo anawalembanso ntchito. Jeffrey Daniel anathandiza kukonza magule a mu kanema wa "Bad" ndi wa "Smooth Criminal".

Chimene chimandiwawa ndi mayina. M'buku la mbiri ya moyo wake lotchedwa Moonwalk, la mu 1988, Jackson anavomera kuti kavinidweka kanachokera kwa ana a mumsewu ndipo kuti anamuphunzitsa ndi anyamata atatu. Koma mayina awo sanawatchule. Taganizani: buku lonse latenga dzina la gule, koma aphunzitsi a guleyo angokhala "anyamata atatu". Akuluakulu amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Kwa wovina wosauka, kutchulidwa dzina ndi munthu wotchuka chotero ndiko kumabweretsa ntchito, ophunzira ndi chakudya cha pakhomo. Kwa Jackson, kutero sikukanachotsa ngakhale tambala imodzi.

Nafenso oonerera tili ndi gawo lathu, chifukwa timakonda nkhani ya ngwazi imodzi yotulukira zonse payokha, n'njosavuta kuikumbukira. Lero chowiringula chachepa, poti makanema akale a Soul Train ali pa YouTube ndipo aliyense wokhala ndi foni angathe kuona Casper ndi Cooley akutsetsereka zaka zinayi Motown 25 isanachitike. Jackson atamwalira pa 25 June 2009, mawailesi a dziko lonse lapansi analira masiku ambirimbiri. Don Campbell anamwalira mu March 2020, ndipo ambiri mwa amene amavina zimene iye anayambitsa sanamve n'komwe.