Mphindi 15 kwa Nkhalamba ya ku Mangalande

Ku Mangalande nkhalamba zambiri zimasamalidwira m'nyumba zawo ndi antchito otumidwa ndi makampani, ena mwa iwo ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Chiyambire 2009, bungwe la Care Quality Commission ndilo limalembetsa makampaniwa ndi kuwayendera.

Komatu vuto lagona pa nthawi. Mu 2015 bungwe la NICE lidalangiza kuti, kawirikawiri, wosamalira asamachoke pakhomo mphindi 30 zisanakwane, pakuti ena ankapatsidwa 15 zokha. Nanga m'kanthawi kotere angamsambitse gogo, kumdyetsa ndi kummwetsa mankhwala?

Oyenderawo nawonso adapezeka operewera. Kafukufuku wa Penny Dash mu 2024 adaonetsa kuti pafupifupi malo amodzi mwa asanu alionse oyenera kuyenderedwa anali asanaweruzidwepo ngati ntchito yake ili bwino kapena ayi.