Kuthokoza pambuyo pa intavyu si katangale

Achinyamata ambiri ku Ntcheu akatuluka m'chipinda cha intavyu, kaya kusukulu yapulaiveti pa boma kapena kubungwe la zachitukuko, amangopita kwawo kukadikira foni. Akanachita bwino kutumiza uthenga waufupi wothokoza tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ofunsa amakumana ndi anthu ambirimbiri, ndipo pofika madzulo nkhope ndi mayankho zimakhala zitasakanikirana. Imelo ya mizere itatu, yotchula dzina lanu, ntchito mwafunsirayo ndi mfundo imodzi imene munakambirana, imawakumbutsa za inu, komanso imasonyeza kuti mumatha kulemba.

Ena amati kutero n'kunyengerera, mwinanso katangale. Nkhawayi ndi yomveka, pakuti lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limaletsa kupereka kangachepe pofuna kukonderedwa, ndipo bungwe la ACB limafufuza zotere. Koma cholakwika ndi thumba la kachewere wa ku Tsangano lokatulidwa kunyumba kwa bwana usiku. Mawu odzera ku ofesi alibe mlandu. Enanso amati m'boma amangotsata malikisi. N'zoona, uthenga sungasinthe malikisi, komabe olemba ntchito omwe si aboma amasankha okha, ndipo anthu awiri akafanana, ulemu ndiwo umawalekanitsa. Tumizani kamodzi kokha, ndipo musapemphe chilichonse.