Thandizo la ku Sukulu za Ntchito za Manja: Tisasiye Mwana Wamasiye Kumbuyo

Chaka ndi chaka zotsatira za mayeso zikatuluka, m'mabanja ambiri a mu Dayosizi yathu ya Chipata mumabuka funso limodzi: kodi mwanayu tsopano alowera kuti? Malo a ku yunivesite ndi ochepa, ndipo ntchito za m'maofesi n'zosowa. Mnyamata amene dzana ankatumikira pa Misa timupeza akungoswera pa msika wa Kapata. Mtsikana amene ankaimba m'kwaya timva kuti wakwatiwa nthawi isanakwane.

Komatu sukulu zophunzitsa ntchito za manja tili nazo. Pali Chipata Trades Training Institute mumzinda mwathu muno, pali sukulu ya Ukwimi cha ku Petauke, palinso ya ku Chikowa m'boma la Mambwe imene anayambitsa Amishonale a Comboni. M'sukulu zotere mwana amatuluka ali mmisiri wa matabwa, womanga nyumba, makaniko, telala kapena mlimi wodziwa ntchito yake. Chimene chimatsekereza ambiri ndi ndalama ya fizi.

Pa vuto limeneli pali khomo limene ambiri a ife sitinagogodepo. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu a Nyumba ya Malamulo, lodziwika ndi dzina lakuti CDF, linayamba m'chaka cha 1995, koma kwa zaka zambiri linali laling'ono. M'chaka cha 2022 boma linalikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo gawo lina analipatula kuti lilipirire ana osowa ku sukulu za sekondale zogonera komweko ndi achinyamata ofuna kuphunzira luso. Madera a Chipata Central, Luangeni, Kasenengwa ndi Chipangali onse analandira gawo lawo. Koma ndalamazo sizibwera zokha kudzagogoda pakhomo pa munthu. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nanga tiyambire pati? Choyamba, mwana apemphe malo ku sukulu ndi kulandira kalata yomuvomera, pakuti popanda kalatayo pempho la thandizo lilibe pokhazikika. Tifufuze ngati sukuluyo ndi yolembedwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira maphunziro a luso m'dziko muno. Chachiwiri, akhale ndi chitupa chake chobiriwira cha NRC, chimene munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Ndondomeko ya 2022 inanena kuti wopempha akhale wa zaka za pakati pa 16 ndi 35, ndiponso wokhala m'dera lomwelo. Chachitatu, atenge fomu ku khonsolo kapena kwa komiti ya chitukuko ya m'wadi mwake, ailembe mosamala, aphatikize makope a zotsatira za mayeso ndi umboni wa kusowa kwake, kenaka aibweze ku komitiyo. Kuchokera kumeneko mapempho amapita ku komiti ya CDF ya dera lonse. Tsiku lotsekera amalengeza a khonsolo, choncho titchere khutu ku Radio Maria ndi ku Breeze FM, ndipo tifunse kwa khansala. Tifunsenso kuti thandizolo lilipira ziti ndi kusiya ziti, kuopa kuti mwana angafike ku sukulu alibe ndi sopo yemwe.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani yathu. Njira imeneyi ndi yapafupi kwa mwana amene makolo ake ndi odziwa kulemba, ali ndi wailesi m'nyumba ndipo amadziwana ndi anthu. Koma taganizani za mwana wamasiye amene akuleredwa ndi agogo ake kumudzi. Chitupa alibe, chifukwa panalibe womuperekeza ku ofesi. Pepala losonyeza imfa ya makolo ake silinalembedwe konse. Ndalama yokwerera galimoto kupita ku tauni kukajambulitsa mapepala, nayo palibe. Akamamva za mafomu, tsiku lapita kale, ndipo chaka chathunthu chatayika. Motero thandizo limene linaikidwira wosauka limathera kwa amene ali bwinoko, popanda ndi mmodzi yemwe woba.

Apa ndi pamene miphakati yathu iyenera kuonetsa ntchito yake. Ife timadziwana khomo ndi khomo kuposa mmene ofesi iliyonse ingatidziwire. Pa msonkhano wa mwezi uno tilembe maina a achinyamata amene angokhala pakhomo. Mphunzitsi wopuma pa ntchito awathandize kulemba mafomu. Wina awaperekeze kwa amfumu kukatenga kalata ya umboni. Tisonkhe kangachepe ka ulendo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Tichenjezanenso pa za chilungamo. Kulembetsa mwana kuti ndi wamasiye makolo ali moyo, kapena kupereka kachiphuphu kuti dzina likwere pamwamba, ndiko kulanda nsima pakamwa pa wosauka. Malo ndi owerengeka: wina akalowa mwabodza, wina woyenera watuluka. Ife amene Mulungu watidalitsa ndi malipiro kapena zokolola zokwanira tilipirire tokha ana athu. Ndipo Akhristu amene ali m'makomiti akumbukire kuti ubatizo wawo susiyidwa pakhomo la chipinda cha msonkhano.

Potsiriza, makolo tileke kuona ntchito za manja ngati zotsalira za olephera. Yosefe Woyera anali mmisiri, ndipo Ambuye Yesu anakulira pa ntchito yomweyo. Paulo Woyera ankasoka mahema kuti adzidyetse. Papa Pius XII anaika chaka cha Yosefe Woyera Wantchito pa 1 Meyi m'chaka cha 1955 kuti Mpingo uzilemekeza thukuta la munthu. Mwana wodziwa kugwira mpeni wa telala kapena sipanala sadzapempha mchere kwa anansi.

Mulungu adalitse mabanja athu. Tidzachezanso mwezi wamawa.