Mkazi akati akubanika, mumvereni

Asisi, pali mawu amene tatopa nawo: "Ingopirira, uchembere ndi umenewo." Amanena apongozi, amanena abambo akunyumba, nthawi zina amanenanso wovala yunifolomu. Msana ukamawawa mwina tingapirire. Koma mpweya ukamavuta, kupirirako kumapha.

Mukumudziwa Serena Williams, katswiri wa tenisi uja wa zikho 23 za Grand Slam. Pa 1 September 2017 anachira pa opaleshoni ku America. Tsiku lotsatira anayamba kubanika. Iyeyu ankalidziwa thupi lake, chifukwa mu 2011 magazi anamuundanapo m'mapapo. Anauza namwino kuti akufunika kuunikidwa ndi CT scan komanso mankhwala a heparin. Namwinoyo anaganiza kuti mankhwala opha ululu amusokoneza mutu. Serena anakakamirabe. Anayamba amuunika miyendo, osapeza kanthu. Atamulowetsa mu CT scan muja, anapeza timibulu ta magazi m'mapapo. Chifuwa chimene chinatsatira chinang'ambula bala la opaleshoni, ndipo anakhala masabata 6 ali chigonere.

Taganizani. Mkazi wa ndalama, wodziwika dziko lonse, wotchula dzina la mankhwala lenilenilo, anachita kulimbana kuti amumvere. Ku America komweko amayi akuda amafa pa uchembere pafupifupi katatu kuposa azungu. Nanga mtsikana wa ku Ndirande kapena ku Mtandire, amene anaphunzitsidwa kuti wamkulu sayankhidwa, amumvera ndani?

Matendawa achipatala amati pulmonary embolism. Magazi amaundana mumtsempha wamkati, kawirikawiri wa mwendo. Chibulu chija chikaduka chimayenda ndi magazi, kudutsa mumtima, n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Chikakhala chachikulu, munthu amapita pa mphindi zochepa.

Sungani zizindikiro izi: kubanika mwadzidzidzi ngakhale mwangokhala, kubaya m'chifuwa mukamakoka mpweya, mtima kuthamanga, kutsokomola magazi, chizungulire kapena kukomoka. Nthawi zina chimayamba ndi mwendo umodzi, osati yonse iwiri, kutupa, kutentha ndi kuwawa pakatumba. Mwendo wotero osauthowa, osausisita. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Nkhaniyi ndi yathu chifukwa thupi la woyembekezera limapanga magazi oundana msanga, kukonzekera kuti asadzataye ambiri pochira. Ngozi imakula kwambiri m'masabata 6 oyamba mwana atabadwa, makamaka ngati mwachira pa opaleshoni. Ndiye nthawi yomweyo tili m'chikuta, tikuuzidwa kuti tingogona. Kupuma n'kofunika, inde, koma dzukani, yendaniyendani m'nyumba momwemo, imwani madzi. Inunso oyenda pa basi mpaka ku Joni kukaoda katundu, miyendo itapindika usana ndi usiku, basi ikaima tsikani muwongole miyendo. HIV, TB, khansa ndi kunenepa kwambiri nazo zimawonjezera ngozi.

Ndipo tisanamizane pa nkhani ya kulera. Mapiritsi olera amene ali ndi estrogen amawonjezeradi ngoziyi, makamaka chaka choyamba, komanso kwa osuta fodya opitirira zaka 35. Koma mimba imawonjezera kuposa mapiritsiwo. Choncho amene akufuna kugwiritsa ntchito nkhaniyi kuti akulandeni kulera, musamumvere. Chimene tikufuna n'choti wopereka mapiritsi azifunsa ngati magazi anakuundanipo kapena ngati zinachitikapo kwanu. Lupu ndi ka pamkono kaja mulibe estrogen, njira zilipo.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi ichi. Mayi wakhanda watupa mwendo, akutsokomola magazi, banja lakhala pansi kufunsana kuti ndani wamudula, ndani wamutsempha. Tsiku lapita, awiri apita, tikusaka wolakwa. Mwambo sitikuunyoza. Koma zokambiranazo zingathe kudikira, mapapo sangadikire. Ena amati ndi nkhawa chabe, ena amati ndi chibayo, agula Panado ndi amoxicillin pa okala. Ayi. Kubanika kwadzidzidzi sikuyezedwa kunyumba. Kungakhalenso phapo lophwa, pamene mpweya wathawira pakati pa phapo ndi nthiti n'kulifinya, zomwe zimachitika kwa odwala TB kapena ovulala pachifuwa, kuphatikizapo omenyedwa m'banja. Limenelo limaoneka pa X-ray ndipo amalowetsa kapaipi kotulutsa mpweyawo. Zonse ziwiri zimafuna chipatala msanga.

Mankhwala alipo. Heparin ndi jakisoni, ndipo woyembekezera amabayidwa bwinobwino. Warfarin ndi mapiritsi, saloledwa pa mimba koma woyamwitsa amamwa. Mankhwalawa amatenga miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo sasiyidwa panjira chifukwa choti mwayamba kupeza bwino.

Tikudziwa kuti anamwino athu ndi ochepa, mmodzi akuyang'anira wodi yonse. Tikudziwanso kuti zipatala zambiri zilibe CT scan. Koma kumvera munthu sikufuna makina. Kachipangizo kopana pachala koyezera mpweya, kamene tinakazolowera nthawi ya Covid, n'kotsika mtengo. Wodi iliyonse ya amayi ikhale nako. Mayi aliyense potuluka m'chipatala auzidwe zizindikirozi m'chinenero chake, pamaso pa gadiyani wake. Ndipo akabwerako akubanika, asaimikidwe pa mzere.

Inu asisi, mukafika kuchipatala yankhulani momveka: "Ndachira masabata awiri apitawa, ndikubanika, mwendo umodzi watupa. Ndikuopa kuti magazi aundana." Akakubwezani, funsani wamkulu wawo. Akati ndinu wamwano, vomerani, bola mubwerere kunyumba ndi moyo. Ngati mnzanu alibe mphamvu zoyankhulira, muyankhulireni ndinu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tumizani uthengawu kwa mnzanu woyembekezera, kwa amene wangochira kumene, ndi kwa amuna awo omwe.