Wodwala khansa akabwerera kumudzi, ntchito tigawane

Anthu a ku Neno sitiperewera pa nkhani yozonda odwala. Munthu akagonekedwa pa chipatala chachikulu cha boma kapena cha Lisungwi, abale amanyamula ufa, nkhuni ndi ndiwo, wina n'kudzipereka kukhala gadiyani mpaka tsiku lotuluka. Koma wodwalayo akangoponda pakhomo pake, tonse timapumira m'mwamba n'kunena kuti wachira. Akanakhala malungo, mwina tikanalondola. Khansa ndi ina. Munthu amabwerako thupi likadali pa nkhondo, ndipo masabata ndi miyezi yotsatirayo ndi imene amafuna thandizo lathu koposa.

Nkhaniyi yafika pakhomo pathu chifukwa chithandizo chayandikira. Kuyambira 2007, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino. Odwala khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma, imene imagwira kawirikawiri anthu amene ali ndi HIV, akhala akulandira mankhwala konkuno. Mu 2012 kunayamba ndondomeko yochepetsa ululu ndi kusamalira odwala matenda amgonagona, ndipo mu 2015 kunakhazikitsidwa kiliniki yoona pamodzi matenda okhalitsa. Amayi opezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa nayo kwambiri pa dziko lonse, amatumizidwa ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre matenda akakula. Zonsezi zikutanthauza kuti anthu ambiri tsopano akubwerera kwawo ali moyo. Akamafika amapeza chitsime chili patali pomwe chinali, munda ukudikira, ana akufuna nsima.

Choyamba chofunika kumvetsa ndi kutopa kwake. Mankhwala a khansa, aja a m'diripi amene achipatala amati kemo, amapangidwa kuti aphe maselo ochulukana msanga. Maselo a khansa ndi otero, koma oteronso ndi maselo opanga magazi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a tsitsi. N'chifukwa chake magazi amachepa, m'kamwa mumatuluka zilonda, chakudya sichikoma, ndipo tsitsi limathothoka. Magazi akachepa, mpweya wofika ku minofu umachepanso, moti kusesa pabwalo kokha kumachititsa munthu wefuwefu. Kutopa kumeneku sikutha ndi tulo ta usiku umodzi. Ena kumawakhalitsa miyezi ingapo atamaliza mankhwala. Munthu angathe kuoneka bwino pamaso, kuseka ndi alendo, koma mawondo alibe mphamvu. Womunena kuti wayamba ulesi kapena akudzidwalitsa amamulakwira kwambiri.

Chachiwiri ndi chitetezo cha m'thupi. Pa mankhwala ambiri a kemo, asilikali a m'thupi amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala. M'masiku amenewa kachilonda ka khasu kapena madzi osatetezedwa zingathe kubweretsa matenda aakulu. Imeneyi si nthawi yokokola manyowa m'khola kapena yopondaponda m'matope a kudimba. Agone mu neti, amwe madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Thupi likatentha, makamaka kufika madigiri 38, asangomwa panado n'kudikira kuti kuche. Apite ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo akafika anene msanga kuti akulandira mankhwala a khansa.

Palinso dzanzi. Mankhwala monga vincristine ndi paclitaxel, amene amagwiritsidwa ntchito pa Kaposi sarcoma, nthawi zina amavulaza mitsempha ya m'zala ndi m'mapazi. Munthu wotere angagwire mphika wamoto kapena kuponda munga osamva msanga. Asamayende wopanda nsapato, aziona mapazi ake madzulo aliwonse, ndipo kutereka ndi kuphula miphika ausiyire wina. Ngati miyendo imatupa, aziikweza pa mpando akakhala pansi, asamaimirire nthawi yaitali. Dzanzilo likamakula awauze achipatala, chifukwa iwo angathe kusintha mlingo wa mankhwala.

Amene achitidwa opaleshoni ali ndi lamulo lawonso. Mayi wochotsedwa chiberekero amalangizidwa kupewa katundu wolemera kwa masabata pafupifupi 6, kapena kupitirira monga adokotala anenera. Tiganize bwino za katundu wa tsiku ndi tsiku wa mayi wa kumudzi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo pakhomo sipafunika imodzi yokha. Onjezani mtolo wa nkhuni wochokera kuphiri, munsi ndi mtondo, mwana kumsana, ndi zitunda za kwa Dambe kapena kwa Chekucheku. Bala likapola kunja sindiye kuti lapola m'kati. Mayi amene anachotsedwa bere nayenso asamale dzanja la mbali imeneyo, chifukwa limatha kutupa kapena kutenga matenda likavulala.

Odwala ambiri malangizowa amawamva ndithu ku chipatala. Chimawagonjetsa ndi moyo wa kumudzi. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, kubzala sikudikira munthu, ndipo kupalira kukachedwa njala yalowa m'nyumba. Bambo amene ankadyetsa banja ndi maganyu, kabaza kapena kusenza matumba a mbatatesi amadziona wochepa akakhala pakhonde. Mayi amaopa kunenedwa ndi apongozi, kapena amaopa kuti mwamuna ayang'ana kwina. Motero amadzuka m'mamawa, kumanga nsalu m'chiuno n'kukakamiza thupi. Mapeto ake bala limatseguka, matenda ena amalowa, kapena amafooka mpaka kujomba tsiku la mankhwala. Kujomba kumeneko kumapatsa khansa mpata wophukiranso.

Sitikunena kuti wodwala angogona pamphasa tsiku lonse. Kugona kopitirira kumafooketsa minofu n'kuonjezera kutopa, pamene kuyenda pang'ono tsiku lililonse kumathandiza kubwezeretsa mphamvu ndi chilakolako cha chakudya. Komanso munthu amene walandidwa ntchito zonse amayamba kudziona ngati mlendo m'nyumba yake yomwe, ndipo maganizo amamudwalitsa. Nzeru ndi kuyeza ntchito ndi mphamvu za tsikulo. Banja likhale pansi ndi kugawa ntchito patatu: zimene wodwala angathe yekha, zimene angathe mothandizidwa, ndi zimene azisiye kaye. Kusankha nyemba, kuswa mtedza, kutong'ola chimanga, kufutsa ndiwo, kuyang'anira ana ndi kusunga ndalama za geni, zonsezi zimatheka munthu atakhala pamthunzi. Ntchito yofuna mphamvu pang'ono aigwire m'mawa kusanatenthe, makamaka kumunsi monga ku Zalewa ndi Lisungwi kumene dzuwa limaswa mtengo, ndipo apume asanatheretu. Tsiku limene wadzuka bwino asabweze ntchito zonse za sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ntchito zimene wasiyazo zimafuna mwini. Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa, chifukwa katundu yense amagwera mwana wamkazi, ndipo iye amasiya sukulu. Bambo kutunga madzi panjinga kapena kuphikira mkazi wake wodwala si chamanyazi. Anyamata a m'nyumbamo aphunzire kuchapa ndi kutola nkhuni. Mwinimbumba ndi ankhoswe, amene timawaitana pa ukwati ndi pa maliro, aziitanidwanso pa matenda kuti agawe masiku pakati pa abale, aliyense adziwe tsiku lake. Ndipo asaope kuyandikira. Khansa sipatsirana podyera mbale imodzi, pochapa zovala za wodwala kapena pogona naye chipinda chimodzi.

Mudzi nawo uli ndi mbali yake. Makolo athu anali ndi dima, pamene anthu ankalimira mnzawo munda tsiku limodzi n'kumwa thobwa pomaliza. Mwambo umenewu ungapulumutse banja la wodwala ku njala ya chaka chamawa. Amvano, a Dorika, a m'miphakati ndi magulu achisilamu akamapita kukazonda, pemphero liyende limodzi ndi ndowa ya madzi ndi mtolo wa nkhuni. Mafumu amuchotse wodwalayo pa ntchito za chitukuko kufikira atalimba. Magulu a banki m'khonde amupatse nthawi pa ngongole yake. Olemba ntchito m'sukulu, m'maofesi ndi m'masitolo amulole kuyamba ndi maola ochepa, ndipo asamamudule malipiro pa masiku okaonana ndi adokotala.

Wodwala naye asamabise. Adye pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira, nyemba, usipa, masamba ndi zipatso monga manachesi, koma manachesiwo awapewe ngati m'kamwa muli zilonda. Amene ali pa ma ARV asadumphitse. Ululu ukamamulepheretsa kugona kapena kuyenda, anene, chifukwa mankhwala ochepetsa ululu alipo. Ngati vuto ndi chakudya kapena thiransipoti, auze wazaumoyo wa m'mudzi amene amayendera nyumba yake kuti nkhaniyo ifike kwa oyenera.

Boma ndi mabungwe amawononga ndalama zambiri kuti munthu mmodzi alandire mankhwala a khansa, ndipo wodwalayo amapirira zowawa kuti awamalize. Zimenezi zisapite pachabe chifukwa chosowa womutungira madzi. Ngati m'mudzi mwanu muli wina amene wabwerako kumene, musamufunse ngati akufuna thandizo, chifukwa manyazi amuyankhitsa kuti ali bwino. Pitani mukaone chimene chasowa pakhomopo, musankhe ntchito imodzi, ndipo muigwire sabata iliyonse mpaka iye mwini adzanene kuti mphamvu zabwerera.