Akerubi si makanda

Pa Khirisimasi, ana ovala zoyera m'tchalitchi ku Nambuma kapena ku Namitete amatchedwa tiangelo, ena n'kumati akerubi. Komatu akerubi a m'Baibulo si makanda. Pa Genesis 3:24 ndi alonda a njira ya ku mtengo wa moyo, ndipo amene adawaona Ezekieli adali ndi nkhope zinayi aliyense. Tiana tonenepa tamapiko tija tidatchuka ndi ojambula a ku Italy, monga Raphael, zaka 500 zapitazo.

Kerubi ndi mlonda, ndipo pakhomo ulondawo ndi wa makolo. N'zamanyazi kuti kamngelo ka pa 25 Disembala kazipezeka kakusoka fodya ku Nsaru mu Febuluwale, anzake ali m'kalasi. Mapiko apepala sateteza mwana. Amamuteteza ndi makolo.